Kodi Capitu anamuzemberadi Bento? Za nsanje m'buku la Dom Casmurro

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba: "Pagulu lathu lowerenga mabuku tangomaliza Dom Casmurro, nthano yaitali ya Machado de Assis wa ku Brazil. Tinakangana mpaka dzuwa kulowa. Abambo ambiri akuti Capitu anazembera mwamuna wake ndi mnzake wapamtima Escobar, ndipo nkhope ya mwana ndiwo umboni. Ine mtima wanga ukukana, koma ndinasowa chowayankha. Kodi anachitadi? Nanga ngati sanachite, zingatheke bwanji kuti munthu wophunzira ngati Bento, loya wathunthu, apasule banja lake popanda chifukwa?"

Mayi, mkangano umene munali nawowo ndi wakale. Ku Brazil anthu akhala akukangana za Capitu kwa zaka zambirimbiri, m'makalasi ndi m'makomo momwe, ndipo mpaka lero sanagwirizane chimodzi. Ndiyankhe mosapita m'mbali: bukuli silipereka umboni wokwanira kuti timugamule kuti ndi wolakwa, ndiponso silipereka wokwanira kuti timuyeretse. Machado analilemba dala chomwecho. Koma funso lanu lachiwiri lija lili ndi yankho, ndipo kwa ine ndi pamene pagona buku lonseli.

Chifukwa cha anzathu amene sanaliwerenge, ndiyambe ndayala nkhani. Machado de Assis anabadwira ku Rio de Janeiro mu 1839 ndipo anamwalira mu 1908. Anali mdzukulu wa akapolo omasulidwa, anakulira mu umphawi, koma anadzakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la alembi a dziko lake limene linakhazikitsidwa mu 1897. Dom Casmurro linasindikizidwa mu 1899 m'Chipwitikizi, kotero abale athu a ku Tete ndi ku Angónia angathe kuliwerenga momwe mwini wake analilembera. Lili ndi mitu 148, yambiri yaifupiifupi. Wofotokoza nkhani ndi Bento Santiago, nkhalamba yokhala yokha m'nyumba imene anaimanga motengera nyumba yomwe anakuliramo mumsewu wa Matacavalos. Akukumbukira za mu 1857, iye ali ndi zaka 15, pamene anazindikira kuti amakonda Capitu, mtsikana wa zaka 14 wa nyumba yoyandikana nayo. Mayi ake, Dona Glória, anali atawinda kwa Mulungu kuti mwana wawo adzakhala wansembe. Bento anapitadi ku seminale, kumene anapalana ubwenzi ndi Escobar. Pambuyo pake chowinda chija chinamasulidwa, Bento anakaphunzira zamalamulo ku São Paulo, nakwatira Capitu mu 1865. Escobar anakwatira Sancha, mnzake wa Capitu. Mabanja awiriwa ankakhala ngati nyumba imodzi, mpaka mwana wa Bento anamutcha Ezequiel, dzina la Escobar. Mu 1871 Escobar anamira m'nyanja akusambira, ndipo kuchokera pamaliro pake Bento anayamba kukhulupirira kuti mwana uja si wake.

Choyamba chimene ndikadafunsa abambo a pagulu lanu ndi ichi: zonse zimene mukudziwa za Capitu, mwazimva kwa yani? Mawu alionse a m'bukuli adutsa pakamwa pa Bento. Woimba mlandu ndi iyeyo, mboni ndi iyeyo, woweruza ndi iyeyonso. Akulemba Capitu atamwalira, Escobar atamwalira, mwana atamwalira, mayi ake atamwalira. Palibe wotsala woti angaimirire n'kunena kuti ayi, sizinali choncho. Kwathu kuno banja likagwedezeka, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pansi, mkazi amapatsidwa mpata wolankhula ngakhale atakhala kuti wagwidwa. Capitu sanakhale ndi nkhoswe. Ndipo musaiwale ntchito ya Bento. Loya amadziwa kuti mlandu umawina ndi kasanjidwe ka mfundo: ichi chinenedwe poyamba, icho chitchulidwe mongodutsa, chinacho chibwerezedwe katatu. Iye mwini amavomereza pamalo ena kuti chikumbumtima chake n'chofooka pa zakale, moti sakumbukira ngakhale mtundu wa buluku limene anavala dzulo. Munthu yemweyo akutiuza kuti tikhulupirire momwe maso a mkazi wake anayang'anira maliro kwa kamphindi, zaka zambiri zapitazo.

Kwa zaka pafupifupi 60 owerenga ambiri anamukhulupirira. Zinasintha mu 1960 pamene Helen Caldwell, mayi wa ku America amene anamasulira bukuli m'Chingerezi, analemba buku lonena kuti Capitu anaweruzidwa popanda umboni. Iye anaonanso kuti m'dzina loti Santiago muli mawu awiri, Santo, kutanthauza woyera, ndi Iago, dzina la kazitape wonama uja wa m'sewero la Othello la Shakespeare. Ine sindigwirizana naye pa zonse, chifukwa anafika pomuyeretseratu Capitu pamene bukuli silitero. Koma anatitsegula maso pa chinthu chimodzi: tisiye kuyang'anitsitsa mkazi yekha, tiyang'ane munthu amene akutilozera chala.

Mukatero muona kuti nsanje ya Bento inayamba kalekale Escobar asanalowe m'nkhani ya chikondi. Ali ku seminale, anafunsa José Dias, bambo uja amene ankakhala ndi kudyera pakhomo pa Dona Glória, kuti Capitu ali bwanji. José Dias anayankha kuti ali wosangalala monga mwa nthawi zonse, n'kuwonjezera kuti akungodikira kukola kamnyamata kena kodzikongoletsa ka m'deralo kuti kamukwatire. Mawu amenewo okha anamudwalitsa Bento. Sanaone kanthu, sanamve dzina la munthu, koma m'mutu mwake anali atawaona kale akupatsana maluwa. Tsiku lina mnyamata wokwera hatchi anadutsa mumsewu, nacheukira Capitu amene anali pazenera, Capitu nayenso namuyang'ana. Bento anakadzitsekera m'chipinda, ndipo akutiuza yekha kuti anafuna kuzika zikhadabo zake pakhosi pa mtsikanayo mpaka moyo utuluke pamodzi ndi magazi. Ameneyu ndi mwana wa ku seminale, sanakwatire, palibe mwana wofanana ndi munthu wina, palibe maliro. Atakwatirana zinapitirira. Anachita nsanje ndi mikono ya mkazi wake chifukwa amuna ankaiyang'ana kumadansi. Anachita nsanje ndi nyanja, chifukwa usiku wina akumufotokozera za nyenyezi, Capitu anali kuyang'ana kumadzi maganizo ali kwina. Pamapeto pake amanena yekha kuti anafika pochitira nsanje chilichonse ndi aliyense.

Kasanjidwe ka nthawi kameneka ndi kofunika kwambiri. Abambo a pagulu lanu akuganiza kuti umboni unabwera poyamba, nsanje n'kutsatira. M'bukuli nsanje ndi imene inatsogola ndi zaka zoposa khumi. Inali ngati galu wanjala amene akuzungulira pakhomo; imfa ya Escobar inangomuponyera fupa.

Palinso china chokhudza Bento chimene chimandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikamawerenga. Munthuyu samva kanthu mumtima pokhapokha wina atamuuza. Ngakhale chikondi chake anachizindikira atabisala kuseri kwa chitseko, akumvetsera José Dias akuwaneneza kwa mayi ake kuti ana awiriwa akukhalira limodzi m'makona. Za maso a Capitu, amene atchuka kwambiri m'mabuku a ku Brazil, anayamba ndi José Dias yemweyo, amene anati ndi maso oyang'ana cham'mbali, obisa zamumtima. Bento anapita dala kukawayang'ana kuti aone ngati zinali zoona, ndipo m'pamene anawapatsa dzina lake: maso onga funde lobwerera, lija limakokera munthu kuchoka kugombe kupita pakuya. Amene munasambapo m'nyanja mwera ukuomba mukudziwa mantha ake. Choncho kuyambira tsiku loyamba, chikondi ndi mantha zinamera pa phata limodzi. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo Bento moyo wake wonse anadalira akandimverere, mpaka anadzakhala kandimverere wa iye mwini.

Tsopano tifike pa usiku umene ndikufuna kuti gulu lanu likawerengenso mofatsa, mutu 118. Ndi usiku woti mawa lake Escobar amira. Mabanja awiri aja ali pamodzi kunyumba ya Escobar ku Flamengo. Sancha akunong'oneza Bento chinsinsi choti onse anayi adzapita ku Ulaya limodzi. Bento akuona ngati maso a Sancha akumuuza zina. Potsanzikana, dzanja la Sancha likukhalitsa m'dzanja lake kuposa masiku onse, ndipo iye akupita kunyumba thupi likutentha, akulakalaka mkazi wa mnzake. Atafika akuyang'ana chithunzi cha Escobar chimene chinali m'chipinda chake chowerengera, nadzimva kuti ndi wosakhulupirika. Kutacha, uthenga ukufika kuti Escobar wamira.

Ganizirani, mayi, mtolo umene munthuyu analowa nawo m'nyumba ya maliro. Munthu yekhayo m'buku lonseli amene tili ndi umboni weniweni woti anasirira mwamuna kapena mkazi wa mwini ndi Bento, ndipo umboniwo watipatsa yekha. Posakhalitsa, pamaliropo, akuona Capitu akuyang'anitsitsa mtembo kwa kanthawi, misozi ingapo ikutsika mwakachetechete, n'kuipukuta msanga. Pomwepo akugamula kuti awa ndi maso a mkazi wamasiye. Nanga mkazi amene mnzake wa banja wa zaka zambiri wamira mwadzidzidzi, ali pafupi ndi mnzake wapaubwana amene akulira mosatonthozeka, akadayang'ana bwanji? Akadapanda kulira, Bento akadati akubisa. Atalira, akuti wadziulula. Ine ndimaona kuti chimene Bento anaona pankhope pa Capitu tsiku limenelo ndi tchimo lake lomwe la usiku uja. Mtima wake sunathe kulisenza, ndiye unalitula pa munthu wina. Machado sanena zimenezi poyera. Anangoika mutu 118 ndi mutu 123 wa malirowo moyandikana n'kutisiyira.

Sindikufuna kuti mukabwerere ku gulu lanu ndi mbali imodzi yokha, chifukwa abambo aja ali ndi pogwira. Capitu amadziwadi kubisa. Ali mtsikana, bambo ake atawapeza pafupi ndi khoma limene analembapo maina awo awiri, iye anafufuta n'kupeka nkhani nthawi yomweyo, pamene Bento anangoti kakasi. Atapsompsonana koyamba mayi ake n'kulowa, Capitu anaseka n'kulankhula za tsitsi lake ngati palibe chachitika. Usiku wina Bento anapita yekha ku zisudzo chifukwa Capitu anati sakupeza bwino. Atabwerera msanga anapeza Escobar pakhomo, akuti wabwera ndi nkhani ya mlandu wina. Banjali linakhala nthawi lisanaone mwana. Dona Glória anayamba kuzizira kwa mpongozi wake ndi mdzukulu wake popanda kunena chifukwa. Zonsezi zilimo.

Koma taonani momwe Machado amaikira chotsutsa pafupi ndi mfundo iliyonse. Kubisa kwa Capitu paubwana kunali kotchinjiriza chikondi chawo, ndipo Bento ankakuyamikira pa nthawiyo. Capitu anali mwana wa Pádua, kalaliki wamba wa m'boma, pamene a Santiago anali ndi nyumba zochititsa lendi komanso akapolo. Mtsikana wosauka amene akufuna kukwatiwa m'banja lotere, mwamunayo atalonjezedwa kale ku unsembe, akadapanda kuchenjera sakadafika patali. Nzeru zomwezo zimene zinapulumutsa chikondi chawo, nkhalamba Bento ikuzisandutsa umboni wa chinyengo. Nanga nkhope ya mwana? Kale kwambiri m'bukuli, bambo ake a Sancha, a Gurgel, anaonetsa Bento chithunzi cha malemu mkazi wawo n'kunena kuti amafanana kwambiri ndi Capitu, ngakhale panalibe ubale uliwonse. Iwo anati m'moyo mumakhala kufanana kodabwitsa kotere. Ezequiel nayenso anali mwana wokonda kutsanzira anthu, kayendedwe, kagwiridwe ka manja, kayang'anidwe, ndipo Escobar ankamuona pafupifupi tsiku lililonse. Komanso woyamba kutchula kuti maso a mwanayo akufanana ndi a Escobar anali Capitu mwini, akucheza ndi mwamuna wake atatha kudya. Mkazi wochenjera ngati ameneyu, akadakhala ndi chobisa, akadalozeranji chala pamenepo?

Pali kachinthu kena kakang'ono kamene owerenga ambiri amakadumpha. Ezequiel atakula n'kubwera kudzaona bambo ake, msuweni wa mayi ake a Bento, Justina, anali kudwala ndipo anapempha kuti amuone mnyamatayo. Ameneyu anali mmodzi mwa anthu ochepa otsala amene ankamudziwa Escobar ndipo akadatha kunena ngati akufananadi. Bento anatsekereza, nati wodwalayo wafooka kwambiri, ndipo Justina anamwalira patangopita masiku ochepa. Mwina ankaopa manyazi oti atsimikiziridwe. Mwinanso ankaopa kuti mayiyo ayang'ana n'kunena kuti sakuona kufanana kulikonse. Mulimonsemo, loya amene ali ndi chikhulupiriro mu mlandu wake sabweza mboni pakhomo.

Mwafunsa kuti munthu wophunzira angachite bwanji zotere. Ine ndikuti maphunzirowo ndi amene anamuthandiza. Timaganiza kuti nsanje ndi misala yoonekera, munthu kukuwa, kuswa mbale, kuthamangitsa mkazi usiku. Ya Bento ndi yovala jekete, yolankhula mofatsa, yotchula mabuku akale. Imayenda ngati kuganiza, koma mapeto ake inawasankha kale isananyamuke. Onani tsiku limene anagula poizoni kuti adziphe, usiku wake n'kupita kukaonera sewero la Othello. M'seweroli mwamuna amapha mkazi wake Desdemona chifukwa cha kampango, kenako zimadziwika kuti mkaziyo anali wosalakwa. Munthu wina aliyense wokayikira mkazi wake akadatuluka m'nyumba ya zisudzo ija akunjenjemera, akudzifunsa kuti kodi nanenso sindikulakwitsa. Bento anatuluka ndi phunziro lotembenuka: ngati wosalakwa anafa chotero anthu n'kuomba m'manja, nanga Capitu wolakwayu ayenera chilango chotani? Anaganiza kuti woyenera kufa ndi Capitu, osati iye. Chenjezo lenilenilo analisandutsa chilolezo. Palibe malo ena m'mabuku amene ndinawerenga oonetsa bwino chotere momwe mtima wodwala umagwiritsira ntchito nzeru ngati wantchito wake.

Chotsatira chake ndi mutu umene umandivuta kuwerenga mpaka lero. M'mamawa akusungunula poizoni uja mu khofi kuti amwe. Kamwana kakulowa kakuthamanga, kakumukumbatira m'mawondo, kakumuitana kuti bambo. Bento akutenga kapu ija n'kukauza kuti kamwe, mpaka kuifikitsa pakamwa pake. Kenako china chake chikumubweza, akuyamba kukapsompsona pamutu ngati wopenga, ndipo kamwanako kakati bambo, iye akukuwa kuti sindine bambo wako. Tiyerekeze kuti abambo a pagulu lanu akunena zoona, Capitu anachitadi. Mwanayo analakwa chiyani? Apa m'pamene funso loti anachita kapena sanachite limachepa mphamvu, chifukwa ngakhale yankho litakhala inde, zimene Bento anachita sizisintha dzina.

Capitu atalowa n'kumva mlandu wake, anadabwa, anakwiya, kenako anaseka kuseka kowawa. Mawu ake ndi ochepa, koma ndi okhawo m'buku lonse amene akumveka ngati kudziteteza: anati ngakhale akufa sapulumuka ku nsanje yake. Anapempha kuti apatukane. Kamwana katabwereranso m'chipindamo, onse awiri anayang'ana chithunzi cha Escobar kenako n'kuyang'anana, ndipo Bento akuti kusokonezeka kwa Capitu pa mphindi imeneyo kunali kuvomera. Koma munthu amene wangouzidwa kumene kuti mwana wako akufanana ndi uyu, maso ake angapite kuti?

Nthawi imeneyo ku Brazil kunalibe lamulo lothetsa ukwati. Linadzabwera mu 1977. Bento anasankha njira yoteteza dzina lake pamaso pa anthu. Anatenga mkazi ndi mwana kupita nawo ku Switzerland, n'kuwasiya kumeneko. Pambuyo pake ankakwera sitima kupita ku Ulaya osakawaona, koma pobwera ankauza anthu nkhani zawo ngati kuti anali nawo limodzi. Munthu amene akuimba mkazi wake mlandu wa kubisa ndi kunama anakhala zaka akunamiza mzinda wonse. Imfa ya Capitu amaitchula mongodutsa pakati pa nkhani ina, kuti kapena sindinanene kuti anamwalira n'kuikidwa. Ezequiel atabwera ali mnyamata wokonda kufukula zakale, wokonda bambo ake ndi mtima wonse, Bento anamulipirira ulendo wa ku Greece, Egypt ndi Palestine, mumtima akulakalaka kuti akagwidwe khate. Mnyamatayo anamwalira ndi tayifodi naikidwa pafupi ndi Jerusalem. Bento akutiuza kuti tsiku limene analandira uthengawo anadya bwino n'kupita ku zisudzo.

Ena amawerenga mawu amenewo n'kuona munthu wouma mtima basi. Ine ndimaonanso munthu amene sangathenso kubwerera. Atataya mkazi, mwana ndi chikumbutso cha mnzake, kuvomera kuti mwina analakwitsa kukadamupha. Ndiye chifukwa chake akulemba buku lonseli, kumanga mlandu mwala ndi mwala, kutiitana ife owerenga kuti tivomereze naye. M'mutu womaliza amatchula yekha mawu a Yesu mwana wa Sira, a m'Baibulo la Akatolika, ochenjeza mwamuna kuti asachitire nsanje mkazi wake kuopa kuti angamuphunzitse choipa. Akangowatchula amawakankhira pambali, nati Capitu wachinyengo anali kale mkati mwa kamtsikana ka ku Matacavalos monga chipatso chimakhalira m'khungu lake, ndipo akuti inunso owerenga muvomereza. Munthu wotsimikizadi sapempha chivomerezo chotere kwa alendo.

Choncho mukakumananso, musavutike kutsimikizira abambo aja kuti Capitu anali woyera, chifukwa simungathe, ndipo iwonso sangathe kutsimikiza zawozo. Apempheni kuti atsegule mutu 118 ndi mutu 123 n'kuiwerenga motsatizana mokweza. Kenako muwafunse za makalata. Bento amanena kuti Capitu ali ku Switzerland ankamulembera makalata ofatsa, opanda chidani, mwina achikondi, ndipo chakumapeto odzaza ndi kupukwa, akumupempha kuti apite akamuone. Iye ankayankha mwachidule ndi mouma. Munthu ameneyu anatikopera m'buku lake mizere iwiri ya ndakatulo imene analephera kuimaliza ali ku seminale, anatikopera mawu olembedwa pamanda, anatifotokozera ngakhale kanyimbo ka wogulitsa maswiti mumsewu. Pa makalata onse a mkazi wake, sanatikopere mzere ndi umodzi womwe.